Kalata yathu yopempha Misa ya Chilatini kuno ku Joni, pomwe yafika ndi zomwe takanganirana

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa kuti kodi kalata munkati mulembera Ambuye Arkiepiskopi ija inapita, kapena inathera m'ma voice note ngati nkhani zina zonse za pa gulupu. Sinapite. Koma sinafenso ayi. Yalembedwa, yang'ambidwa, yalembedwanso, anthu ena atuluka pa gulupu ya WhatsApp atakwiya, wina anachita kutisiyira mawu oti ndife amantha. Nde ndati m'malo moyankha mmodzimmodzi ndingolemba zonse pano, kuti amene akufuna kusayina adziwe chomwe akusayinira, amene akufuna kutiseka atiseke akuidziwa nkhani yake.

Kwa amene mwangotulukira, ndife kagulu ka Akatolika a ku Malawi okhala chakummwera kwa Johannesburg, Rosettenville, Turffontein, ena Mayfair, ena amachokera mpaka ku Yeoville. Palibe wansembe kapena sisitere pakati pathu, tonse ndife akhristu eni ake basi. Wina ndi telala, anyamata angapo amagwira m'mashopu ku Fordsburg, amayi ambiri ndi a ntchito za m'nyumba, ena ndi a m'magadeni. Chomwe tikufuna ndi chilolezo choti tizikhalako ndi Misa yakale ija ya Chilatini, ya buku la Misa la 1962, olo kamodzi pa mwezi, pamalo poti munthu wa mbali yathu ino angafike ndi takisi imodzi.

Amene anayatsa motowu, eni akewo osadziwanso, ndi agogo ena a ku Dedza, tchona weniweni amene anabwera nthawi ya Theba osabwereranso. Kunali kuchezera maliro a mnyamata wina wa mphakati wathu, thupi lili ku mochale tikudikira kuti ndalama yonyamulira ikwane, mukudziwa mmene zimakhalira kuno, kabuku ka zipepeso kakuzungulira, amayi ali m'chipinda abambo tili panja pa makreti tazungulira mbaula, kuzizira kwa Juni kuja kolowa mpaka m'mafupa. Cha m'ma 1 koloko usiku kwaya itatopa, mawu atasasa, agogowo anangoyamba okha chapansipansi, Requiem aeternam dona eis Domine, popanda ng'oma popanda m'manja, nyimbo yongoyenda pang'onopang'ono. Ife tinangoti kakasi. Kenako bambo wina wa ku Congo wa chipinda choyandikana, amene chibwerereni pa yadipo amalankhula ndi anthu athu pokhapokha pakakhala mkangano wa mayuniti a magetsi, anatuluka atafunda bulangete n'kuyamba kulandizana nawo, mawu omwewo, kayimbidwe komweko. Iyeyo Chichewa sachidziwa, agogo Lingala kapena Chifalansa sachidziwa, koma anayimba limodzi mpaka kumapeto, atatha aliyense n'kubwerera pomwe anali.

Kuyambira pamenepo sitinawapatse mpata agogo aja. Kuteroko ali mnyamata ankatumikira Misa pa mishoni kwawo nthawi yomwe zonse zinali m'Chilatini. Akuti wansembe akati Introibo ad altare Dei, iwe utagwada pansi pa masitepe a guwa umayankha Ad Deum qui laetificat iuventutem meam, ndipo mpaka lero amazitchula osapunthwa olo pamodzi pomwe nambala ya foni yawo yomwe sanailoweze. Akuti panali yankho lina lalitali loyamba ndi Suscipiat lomwe linkapinda lilime, ukangoliphonya bambo ankakuyang'ana cham'mbali iwe n'kudziwiratu kuti Misa ikatha khutu lako lili pa mavuto. Anationetsa pogwiritsa ntchito tebulo lawo losokera mmene ankanyamulira buku kuchoka kumanja kwa guwa kupita kumanzere nthawi ya Mthenga Wabwino ikakwana, kutsika, kugwada pakati, kukweranso, bukulo lolemera kuposa mwana wolinyamulayo. Ndinawafunsa kuti agogo, nanga zomwe munkanenazo munkazimva? Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, kumva kwa chiyani, tinkangoloweza. Amayi ako kumbuyo uko ankangopemphera kolona kudikira belu." Ndalemba dala zimenezi chifukwa pali ena pa intaneti amalankhula ngati kalelo aliyense m'tchalitchi anali woyera ndi katswiri wa Chilatini. Munthu amene analipo akuti sizinali choncho.

Ine ndinabadwa Misa ili kale m'Chichewa, ndipo ndimaikonda, pasakhale wondinamizira apa. Yakaleyi ndinayamba kuiona pa YouTube kenako mnzanga wina ananditengera komwe inkachitika. Chomwe chinandigwira si Chilatinicho kwenikweni, ndi bata. Wansembe wayang'ana kuguwa mbali imodzi ndi anthu, pemphero lalikulu la Ukaristia akulinena monong'ona, tchalitchi chonse zii, umangomva kabelu ndi mawondo a anthu akugwada, polandira umagwada n'kulandira pa lilime, pomaliza awerenga chiyambi cha Mthenga wa Yohane, basi. Munthu wokhala m'yadi ya zipinda khumi, sipika ya neba ikulira usiku wonse, m'mawa mahutala a matakisi pa Bree, masana bwana akukuwa, ukapeza ola limodzi lopanda wokulankhulitsa umadabwa kuti kani mutu wako umathanso kupemphera. Ndipo tinene zoona, kwathu nthawi zina zolengeza ndi mpikisano wa pepa Sande zimatalika kuposa Misa yeniyeniyo.

Tsono pa kalata. Yoyamba inabwera ndi mnyamata wina wakhama kwambiri pa gulupu, anachita kuikopera pa intaneti, Chingerezi chake chosalala bwino, ikunena molamula kuti malinga ndi Summorum Pontificum, lamulo la Papa Benedict XVI lokhudza Misa yakaleyi, bambo mfumu akuyenera kutilandira. Vuto lake lamulo limenelo linasinthidwa kale. Zoona pa 7 Julayi 2007 Papa Benedict XVI anatsegula chitseko kwambiri, wansembe aliyense ankatha kuchita Misa yakaleyi payekha osapempha kwa episkopi, ndipo gulu lokhazikika la akhristu pa parishi likapempha bambo mfumu ankayenera kulilandira ndi mtima wabwino, zikakanika nkhani inkapita kwa episkopi, zikakanikanso mpaka ku Roma. Koma pa 16 Julayi 2021 Papa Francis anatulutsa Traditionis Custodes, atayamba wafunsa maganizo a maepiskopi mu 2020, ndipo zinthu zinatembenuka. Panopa mwini chilolezo ndi episkopi wa dayosizi. Misayi isamachitikire m'tchalitchi cha parishi, mawerengo azikhala m'chilankhulo cha anthu, wansembe amene anadzozedwa lamuloli litatuluka kale episkopi wake ayambe wafunsa ku Roma asanamulole, ndiyeno pomwe patipweteka ifeyo ndi apa, episkopi akuuzidwa kuti asamalole kukhazikitsa magulu atsopano. Mu Febuluwale 2023 anatsindikanso kuti olo nkhani yogwiritsa ntchito tchalitchi cha parishi episkopi sangaimasule yekha, mphamvu imeneyo ili ku Roma.

Nde ifeyo ndife gulu latsopano lenileni, palibe kuzemba. Ena akuti dikirani Papa Leo XIV asintha zonse, akuloza zoti mu Okutobala 2025 Kadinala Raymond Burke analoledwa kuchita Misa yakaleyi m'tchalitchi cha St Peter's ku Roma. Zinachitikadi, nane ndinaonera data mpaka kutha, koma Misa imodzi si lamulo, pomwe ndikulemba pano la 2021 lija likugwirabe ntchito. Kupita kwa episkopi utanyamula lamulo lomwe linafufutidwa ndi kudzichotsa ulemu wekha, sekilitale yemwe akangoona mzere woyamba adziwa kuti awa angokopera.

Wina afunsa kuti ngati zili choncho mukuvutikiranji. Ine yankho langa ndi mbiri ya nkhaniyi. Buku la Misa lomwe Papa Pius V anakhazikitsa mu 1570 linakonzedwa kangapo mpaka la 1962 lija, kenako utatha msonkhano waukulu wa Vatican II Misa yatsopano inayamba kumapeto kwa 1969, ndipo amene anaumirira kuti yakaleyo isazimiririke anali makamaka anthu wamba ngati ife. Bungwe la Una Voce linayamba ku Paris mu 1964, la Latin Mass Society ku England mu 1965, onsewo akhristu eni ake. Mu 1971 anthu otchuka ku England, alembi, oyimba, ena osakhala Akatolika n'komwe, anasayina kalata yopempha, Kadinala John Heenan anakalankhula ndi Papa Paul VI, chilolezo chinatuluka cha England ndi Wales yokha. Mu 1984 Papa John Paul II anapatsa maepiskopi onse mphamvu yololeza, mu 1988 anawalimbikitsa kuti azilola mowolowa manja, kenako 2007 ija. Kuchoka 1971 kufika 2007 ndi zaka 36 anthu akulemba makalata, akukanidwa, akulembanso. Eric de Saventhem amene anali mtsogoleri woyamba wa Una Voce ya dziko lonse anamwalira mu 2005, zomwe ankapempha zija sanazione. Nde ife gulupu yathu yangoyamba kumene ena ayamba kale kunena kuti Mpingo sumva.

Ndipo kupempha si mwano, kupempha si kuba. Malamulo a Mpingo a 1983, kanoni 212, amanena kuti akhristu ali ndi ufulu wouza abusa awo zosowa zawo makamaka zauzimu ndi zomwe akulakalaka, ndipo nthawi zina ndi udindo ndithu kunena maganizo awo pa zokomera Mpingo, bola mwaulemu. Mawu oti mwaulemu alimo, ena amawadumpha powerenga. Panali maganizo oti tingotumiza imelo ku Roma, ena amati tilembere kazembe wa Papa ku Pretoria, ena amati tijambule vidiyo tiponye pa TikTok tiwatage onse. Ine ndinati abale, kumudzi nkhani yopita kwa gogo chalo imayamba kwa nyakwawa, ukadumpha amakubweza komweko ndipo nyakwawayo wakhumudwa kale. Kalata yopita ku Roma idzabwerera pa tebulo la Arkiepiskopi wa Johannesburg, panopa ndi Kadinala Stephen Brislin amene analowa m'malo mwa Ambuye Buti Tlhagale mu Januwale 2025, ndipo iwowo chinthu choyamba adzaimbira bambo mfumu wathu kufunsa kuti anthu awa mukuwadziwa?

Mkangano waukulu womwe unatulutsa anthu pa gulupu unali wa a SSPX, bungwe la ansembe ochita Misa yakale lomwe Arkiepiskopi Marcel Lefebvre anayambitsa, amene ali ndi nyumba yawo ku Roodepoort. Ena amati tikuvutikiranji ndi makalata pomwe Misa yomwe tikufunayo iliko kale kumeneko. Ine sindinyoza munthu amene amapita, ndipo Arkiepiskopi Marcel Lefebvre yemweyo anagwira ntchito zaka zambiri mu Africa muno, ku Gabon ndi ku Dakar. Koma pa 30 Juni 1988 anadzoza maepiskopi anayi Papa atakana, ndipo olo Papa Benedict XVI yemwe uja, atachotsa chilango pa maepiskopiwo mu 2009, ananena poyera kuti bungweli lilibe malo ovomerezeka m'malamulo a Mpingo. Papa Francis anawalola kumvetsera kulapa, anatsegulanso njira pa za maukwati, koma nkhani yaikuluyo sinathe. Ife tinabatizidwa m'maparishi a kwathu, makadi athu a mtulo ali kumeneko, mwana akafuna Ulimbitso kapena munthu ukafuna kukamanga ukwati kumudzi kalata imachokera kwa bambo mfumu wa parishi, ndipo ukafa kuno kalata yomweyo ndi yomwe imatsagana ndi bokosi kuti kumudzi akakuyimbire Misa. Ine sindikufuna kuti Chilatini chindichotse m'nyumba yomwe ndinabadwira. Ndi pamenepa pomwe mnzathu uja anati ndife amantha n'kutuluka.

Tinapita kukaonana ndi bambo mfumu, anthu ochepa chabe, agogo aja atavala jekete yawo ya pa ukwati. Ndinkayembekeza kuti mwina atithamangitsa kapena atipatsa tiyi n'kutinamiza. Sanachite zonsezo. Anamvetsera mpaka tamaliza kenako anayamba kufunsa mafunso omwe pa gulupu palibe anawaganizirapo. Woyamba, adzachita Misayo ndani? Iwowo anati Chilatini anachiphunzira pang'ono kuseminale ndipo miyambo ya buku la 1962 sanaiphunzirepo, si zongotsegula buku n'kuyamba kuwerenga, pali kuwerama, mitanda, mawu okweza ndi onong'ona, zonse zili ndi malo ake. Wachiwiri, kuti? Poti m'tchalitchi cha parishi lamulo likukana, ndiye pafunika chapelo ya asisitere kapena ya sukulu kapena malo ena omwe episkopi angasankhe. Wachitatu, otumikira, kwaya, buku lenilenilo, zovala, ndalama ya mafuta a galimoto ya wansembe wochokera kutali, zonsezi atulutsa ndani? Lamulungu lililonse iwowo amachita kale Misa zingapo. Kenako anafunsa funso lomwe linatilasa tonse. Anati mwa anthu mwawalemba apawa, ndi angati analembetsa pa parishi pano? Angati ali ndi envulopu ya chopereka, angati amawerenga mawu, angati amabwera tsiku lokolopa m'tchalitchi? Anati Ambuye akandifunsa za inu ndikufuna ndiyankhe kuti awa ndi anthu anga, osati ndimawaona Lamulungu atakhala benchi yakumbuyo. Panalibe woyankha. Amalawife kuno timalowa m'tchalitchi ngati tabwera kudzabisala mvula, Misa ikatha phazi thandize, mtima uli ku parishi ya kumudzi komwe timatumiza mtulo pa foni. Ndati ngati mvula koma mwina ndi mantha chabe, tinazolowera kusaoneka.

Zomwe zikutifikitsa pa nkhani ya masiginecha, ndipo apa ndi pomwe ndinaona kuti malangizo a pa intaneti aja analembedwera anthu ena osati ife. Onse amati sonkhanitsani mayina, maadiresi, manambala a foni, kuti episkopi aone kuti ndinu gulu lokhazikika. Fomu ina inali ndi malo a nambala ya ID. Tsono tapita nayo fomu imeneyo kwa mayi amene pasipoti yake inadutsa masiku kalekale, amene akaona galimoto ya polisi amalowa m'shopu kukagula chinthu chomwe sakuchifuna, umuuze kuti alembe dzina lonse ndi komwe amagona pa pepala lopita ku ofesi. Mayi wina anandiyankha kuti "achimwene, Misa ndikuifuna koma dzina langa pa pepala ayi, ndilembeni kuti mayi wa ana atatu." Sikuti akuganiza kuti Mpingo ukamupereka, koma moyo wa kuno unamuphunzitsa kuti pepala likachoka m'manja mwako sudziwa komwe likagone. Adiresi nayonso ndi nthabwala, munthu mwezi uno ali Turffontein, renti ikakwera ali Rosettenville, ntchito ikapezeka ku Randburg wasamuka. Amayi ogona kuntchito ofu yawo ena ndi Lamulungu limodzi kapena awiri pa mwezi, tsiku lomwelo achape, atumize katundu kumudzi, akaone ana, apite ku Misa. Anyamata a m'mashopu Lamulungu m'mawa amatsegula. Nde kukhazikika kwathu sikungaoneke pa fomu. Tinagwirizana kuti asayine okhawo amene ali omasuka, dzina ndi parishi basi, opanda ID opanda adiresi, ena onse bambo mfumu angowaona ndi maso n'kuchitira umboni kuti alipo. Mayina akhala ochepa, chabwino. Panali wina amene amati tiwonjezere mayina a abale a kumudzi kuti pepala lidzaze, tinamukaniza, kuyamba ndi bodza popempha Misa ndi zinthu zosayenda.

Otsutsa kwambiri si a kuno ayi, ndi achemwali anga a ku Lilongwe, a kwaya komanso a bungwe la amayi. Voice note yawo inayamba ndi "achimwene, mwayamba liti kufuna kukhala mzungu?" Anati makolo athu anakhala zaka zambirimbiri akugwadira mawu omwe sankawamva, kuyambira pomwe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901 ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, wansembe woyamba wa Chimalawi, Cornelio Chitsulo, anadzozedwa mu 1937 ndipo naye ankachita Misa m'chilankhulo chomwe mayi ake omubereka sankachimva, lero tili ndi Ambuye mutichitire chisoni m'chilankhulo chathu, ng'oma, nthungululu, miphakati yomwe Ambuye Patrick Kalilombe anailimbikira m'zaka za m'ma 1970, inu mukufuna mutibwezere kumbuyo? Sindinawatsutse zambiri chifukwa mbali yaikulu akunena zoona. Misa ya Chichewa ndi chuma, amene wakhala kunja ndi amene amadziwa mmene mtima umachitira ukamva Ngoyera Ngoyera patapita miyezi ukumva Chizulu ndi Chisotho chokhachokha. Ndipo Papa Francis sanalembe lamulo lija popanda chifukwa, alipodi anthu amene amagwiritsa ntchito Misa yakaleyi ngati chibonga, kunena kuti Vatican II ndi yabodza, Misa yatsopano si Misa, n'kusakanizamo ndale za ku America zomwe ife sizikutikhudza olo pang'ono. Mavidiyo oterowo tinawaletsa pa gulupu.

Koma zoti ndi za azungu ndinakana. Akhristu a ku Carthage, Tunisia ya lero, ankalemba ndi kupemphera m'Chilatini kalekale, Tertullian, Cyprian, kenako Augustine Woyera wa ku Hippo ku Algeria ya lero, amene Papa Leo XIV ali wa chipani chake. Kadinala Robert Sarah amene walankhula kwambiri za bata ndi ulemu pa Misa ndi wa ku Guinea. Ndipo Mpingo womwewu mu 1988 unavomereza kachitidwe ka Misa ka ku Zaire, kovina ndi kotchula makolo, Papa Francis anakachita yekha mu St Peter's pa 1 Disembala 2019. Ine ndinasangalala nazo. Ngati malo a zimenezo anapezeka, a kagulu kofuna kugwada mwakachetechete kamodzi pa mwezi angasowe? Palibe akufuna kulanda ng'oma ya achemwali anga.

Chinthu chomwe bambo mfumu anatitsegula nacho maso ndi ichi, ndipo ine ndaima pamenepa olo ena akuti ndagulitsa nkhondo. Misa yatsopano yomweyi itha kuchitika m'Chilatini popanda chilolezo cha wina aliyense, kanoni 928 imalola. Vatican II yomwe ena amaida ija, m'chikalata chake cha za mapemphero cha 1963, inanena kuti Chilatini chisungidwe, kuti akhristu azitha kunena kapena kuyimba limodzi m'Chilatini zigawo za Misa zomwe ndi zawo, ndiponso kuti nyimbo za Gregorian, zakale za Mpingo zija ngati yomwe agogo anayimba pa maliro, zikhale patsogolo. Mu 1974 Papa Paul VI anachita kutumizira maepiskopi kabuku ka nyimbo zosavuta za Chilatini kuti parishi iliyonse izidziwa. Malangizo a m'buku la Misa la lero amanenanso kuti poti anthu a mayiko osiyanasiyana akumakumana kawirikawiri, ndi bwino azidziwa kuyimba limodzi m'Chilatini makamaka Credo, pemphero lovomereza chikhulupiriro lija, ndi Atate Athu. Tsono ndiuzeni mzinda womwe mawu amenewa akuukhudza kuposa Johannesburg. Benchi imodzi pamakhala Mzulu, Msotho, wa ku Congo, wa ku Mozambique, wa ku Nigeria, wa ku Zimbabwe ndi ife, tonse timathawira ku Chingerezi chomwe ambiri timachimva mwa apo ndi apo, kapena gulu lililonse limapempha Misa yakeyake masana n'kumangodutsana pa geti. Bambo anati ngati tingaphunzire kuyimba bwino Kyrie, Gloria, Credo, Sanctus ndi Agnus Dei, iwo ali okonzeka kuyesa pa Misa imodzi, ulaliki ndi mawerengo zikhale m'chilankhulo chomveka. Sizofanana ndi ya 1962, ndikudziwa, mapemphero ena a pansi pa guwa aja mulibe, kalendala ndi ina. Koma izi zili m'manja mwathu sabata ino, zinazo zili m'manja mwa Ambuye ndi Roma.

Nde kalata yomwe ilipo panoyi ndi ya tsamba limodzi. Ikunena kuti ndife ndani, tikupemphera pa parishi iti, ikunena mosabisa kuti timavomereza Vatican II ndi Misa yatsopano ndipo tipitiriza kupita, chifukwa lamulo la 2021 limauza episkopi kuti atsimikize zimenezo kaye. Ikunenanso kuti tikudziwa zomwe lamulolo likunena pa magulu atsopano, sitikunamizira kusadziwa, tikungopempha Ambuye atiuze chomwe chingatheke, kaya kutilozera komwe tingaphatikane ndi ena, kaya kutipemphera ku Roma, kaya kutiuza kuti pakadali pano ayi. Mulibe mawu onyoza wansembe aliyense, mulibe zoopseza kuti mukakana tipita kwina. Idutsira m'manja mwa bambo mfumu ndipo anati aikapo kalata yawo pamwamba, koma ayamba aona kaye ngati tilembetse pa parishi n'kuyamba kuoneka pa ntchito za pa tchalitchi, zomwe ine ndikuona kuti sanalakwitse.

Amene muli mbali ino ndipo mukufuna kusayina, kalatayo tiziiwerenga m'Chichewa kaye Misa ikatha musanagwire cholembera, pasakhale wosayina chinthu chomwe sanachimve. Mafomu olembetsera pa parishi tinatenga ambiri, safuna pasipoti. Kuphunzira nyimbo ndi Loweruka madzulo kwa amene ofu ikulola, bwerani ndi foni yochaja chifukwa tikuphunzirira pa zojambulidwa. Bambo wa ku Congo uja akubwera ndipo wabweretsa anzake awiri a mawu a besi. Chomwe tikusowa kwambiri ndi munthu wodziwa kuwerenga manotsi a makona anayi omwe nyimbo za Gregorian zimalembedwera, chifukwa agogo amayimba za m'mutu, pa Credo akumadumpha mzere wathunthu, ndipo ukawauza akumati buku ndi lomwe lalakwitsa.